Chiponde chathu chapeza chizindikiro cha MBS

Sabata yatha kalata yomwe takhala tikuidikira inafika. Chiponde chathu chaloledwa kukhala ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pabotolo. Nditaiwerenga ndinakhala pansi pakhonde misozi ili chuchuchu, mpaka atsikana ogwira nawo ntchito anayesa kwagwa zovuta.

Kwa inu amene mwatidziwa posachedwa, tinayambira pamtondo kuno kwa Kamwendo, ku Mchinji. Ine ndi achemwali anga tinkakazinga mtedza wa m'munda mwa amayi, kusinja, n'kukagulitsa tsiku la msika. Makina tinagula pambuyo pake ndi ndalama za banki mkhonde.

Chomwe chinatsala pang'ono kutigwetsa ndi chuku. Ulendo woyamba kutumiza chiponde kuti akachiyeze, chinalephera. Maso athu sankaona vuto lililonse, fungo linali labwino, koma poizoni wa chuku anali momwemo. Titafufuza tinapeza kuti venda wina amene ankatibweretsera mtedza woswaswa ankauwaza madzi usanaswedwe, kuti makoko afewe komanso kuti ulemere pasikelo, ndipo chinyontho chimenecho ndicho chinabweretsa chuku. Bambo inu, ngati mukuwerenga, dziwani kuti madzi amene munatigulitsa pamtengo wa mtedza aja akanathera m'mimba mwa ana a anthu. Chuku chimawononga chiwindi, chimayambitsa khansa, chimapinimbiritsa ana, ndipo ngakhale ukazinge chotani sichitha.

Mabotolo onse a nthawi imeneyo tinakawakhuthulira kudzenje. Ena ankati tingochotsa zomata n'kukagulitsa motchipa kumsika, ndani angadziwe? Ndinakana, ngakhale kuti mtedza umenewo unali wangongole. Amene anatibwereketsa ndalamayo sanafune kumva za chuku, chiwongoladzanja chinkangokwera, mpaka anabwera kudzatenga njinga yamoto imene tinkaperekera katundu. Posakhalitsa, mu November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya mabotolo ndi zomata n'kulumphiratu. Miyezi imeneyo tulo ndinalibe.

Tinayambiranso kumunda. Lero sitigula mtedza woswaswa ayi. Timagula wamakoko kwa alimi a m'makalabu a kuno konkuno, tikuswa tokha wouma gwa. Alangizi anatiphunzitsa kuumitsa mtedza mwa njira ya Mandela cock, yosanja mtedza wozula mozungulira, makoko ataloza mkati, pakati n'kusiya mpata wodutsa mpweya. Ukauma choncho sugona pachinyontho ngati wongoyanika padothi. Kenako amayi amakhala pamphasa n'kusankha njere imodziimodzi. Wofwifwa, wobooka ndi wonyala timautaya. Apa ndiye pamene ambiri timalakwitsa kumudzi: wabwino timagulitsa, wotsalawo n'kusinja nsinjiro zothira m'phala la mwana. Ndikupemphani amayi anzanga, lekani zimenezo.

Alimi athu ambiri amabzala CG7, wofiira uja wamafuta ambiri, ndipo amachita kasinthasintha ndi chimanga chifukwa mtedza umabwezeretsa chonde m'nthaka, pomwe feteleza wafika pamtengo wosagwirika. Makoko nawo satayidwa, ena timakolezera moto wokazingira m'malo mwa nkhuni, ena amapita kumanyowa.

Kale dziko lino linkatumiza mtedza wambiri ku Ulaya, ndipo chimodzi mwa zimene zinatilanda msika umenewo ndi chuku chomwechi. Kumeneko mtedza wodya anthu saulola poizoni wa chuku akapitirira magawo 4 pa biliyoni. Alimi a NASFAM a kuno ku Mchinji anaonetsa kuti n'zotheka, mtedza wawo unakafika m'masitolo a ku Britain. Ife maso athu ali pafupi kaye, pa Chipata, kudzera pachipata cha Mwami, pomwe ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, imachepetsa zikalata pa katundu wosapitirira madola 2,000.

Ndithokoze Mulungu choyamba. Zikomo amayi, chifukwa cha munda ndi mapemphero anu. Zikomo achemwali, simunandisiye ngakhale pomwe malipiro kunalibe. Zikomo bambo a kunyumba, munkapereka katundu panjinga yakapalasa osadandaula. Amayi a banki mkhonde, munandidikira pomwe ena ankandithamangitsa. Alimi a m'makalabu, munavomera kusintha kaumitsidwe ngakhale ndi ntchito yowonjezera. Alangizi, atsikana osankha mtedza, ndi inu makasitomala amene munapitiriza kufunsa kuti chiponde chibwera liti, Ambuye akudalitseni nonse.

Chiponde chilipo cha mitundu iwiri, chosalala ndi chanjerenjere, m'mabotolo aang'ono ndi aakulu. Muli mtedza ndi kamchere basi, shuga sitithira. Nsinjiro za mtedza wosankhidwa ziliponso m'mapaketi. Eni magolosale, sukulu zogonera komweko ndi malo odyera, mtengo wopikulitsa tikambirana. Ku Lilongwe timafika Lachisanu lililonse, ku Kasungu tikhoza kutumiza pa minibasi. Tilembereni pompano pa tsamba lino, mutiuze kuchuluka kwake ndi kumene muli.