Timadontho ta golide kuseri kwa katiriji

Fumbi la mwezi wa Seputembala kuno ku Kamwala silisiya kanthu. Limalowa m'buku la malisiti, m'kapu ya tiyi, mpaka m'kati mwa mapulinta amene anthu amandisiyira kuti ndikonze. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume anga nditangofika kuchokera ku Katete, ndipo chinthu choyamba chimene anandiletsa n'kugwira ndi chala timadontho tachikasu timene timakhala kuseri kwa katiriji, kabokosi ka inki ka m'pulinta. Lachinayi lapitali ndinawakumbukira kwambiri.

Kunabwera amayi ena a ku Chawama amene amasindikiza makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro m'kashopu kawo. Katiriji anali ataikulunga mu mpango. Kumpingo kwawo kunagwa zovuta, mwambo woika m'manda unali Loweruka ku Chingwere, ndipo anamfedwa anali atalipira kale mapulogalamu 150.

"Achimwene, ndithandizeni. Pulinta ikungophethira nyali, ikukana katirijiyi. Mwana wa achemwali anga wayesa kuipukuta koma yakaniratu."

"Wapukuta ndi chiyani, amayi?"

"Wachita kupala ndi lezala. Amati mwina pachita dzimbiri."

Mtima wanga unagwa ndisanayang'ane n'komwe. Ndinayatsa nyale ya patebulo n'kuika katirijiyo pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Kuseri kwake kuli kapulasitiki kopyapyala, ka mtundu wa uchi, kopindika kuchokera kumsana mpaka kunsi kumene kumatulukira inki. Akatswiri amakatcha polyimide, ndipo sikasungunuka msanga ndi moto. M'kati mwake mumadutsa tinjira ta mkuwa toonda ngati ulusi wa kangaude, ndipo kanjira kalikonse kamathera pa kadontho ka golide. Pa katiriji ya amayiwa timadontho tija tinali mizeremizere ngati munda wolimidwa kumene. Pena golide anali atachokeratu n'kusiya chitsulo chotuwa, pena mkuwa wofiira unkaonekera. Pakona imodzi lezala anali atadula tinjira tiwiri.

Mnyamatayo sanachite mwano, anafuna kuthandiza mayi ake aang'ono. Kungoti palibe amene anamuuzapo kuti golide ameneyu ndi wopyapyala motani. Tsitsi la munthu limakhala pafupifupi ma micron 70 kunenepa kwake, pomwe golide wa pa kadonthoka safika ngakhale micron imodzi. Pansi pake pamakhala nickel, pansi pa nickel ndiye mkuwa, womwewu umene timaumva ukukumbidwa ku Kansanshi ndi ku Lumwana. Mkuwa umayendetsa bwino magetsi koma umada ukakumana ndi mpweya ndi chinyezi. Golide sachita dzimbiri, n'chifukwa chake amamupaka pamwamba, kuti timapini ta m'pulinta tikamadina pamenepo magetsi azidutsa bwino chaka ndi chaka. Choncho ukaona kadonthoko kada, si dzimbiri ayi. Ndi inki youma, fumbi, kapena mafuta a m'zala. Kansalu kofewa konyowetsa pang'ono ndi spiriti ya isopropyl kamachotsa zonsezo.

Koma chimene chimanditenga mtima kwambiri chili kunsi. Mukatembenuza katiriji mumaona kachitsulo kapena kapulasitiki kowala kokhala ndi timabowo mazanamazana, tating'ono kuposa tsitsi. Kuseri kwa timabowoto kuli kachidutswa ka silikoni, kopangidwa m'njira yofanana ndi ma chip a m'foni yanu. M'fakitale amatenga mbale ya silikoni n'kuiika m'chipinda chochotsedwa mpweya, kenako amawaza zitsulo pamwamba pake mpaka zitayala kansalu kopyapyala koti maso sangakaone kuchokera m'mbali. Amapakapo mankhwala omva kuwala, amawalitsirapo chithunzi cha tinjira tamagetsi, n'kusungunula malo osafunika. Amabwereza zimenezi kangapo, nsalu pamwamba pa nsalu inzake. Mapeto ake pansi pa kabowo kalikonse pamatsala kahita kakang'ono zedi, kamene opanga ena amakapanga ndi chitsulo chotchedwa tantalum chosakaniza ndi aluminiyamu.

Pulinta ikafuna kadontho kamodzi pa pepala, imatumiza magetsi kudzera pa golide uja mpaka ku kahita kamodzi. Kahitako kamatentha kufika madigiri 300 kapena kupitirira pang'ono, koma kwa kanthawi kochepa kwambiri: gawani sekondi imodzi m'magawo miliyoni, mutengepo awiri kapena atatu. Inki yogundana ndi kahitako imawira nthawi yomweyo, kathovu kamatupa, n'kukankha inki yapamwamba kuti ilavulidwe pa kabowo. Kathovuko kakaphwa, inki ina imalowa yokha. Kabowo kamodzi kamachita zimenezi maulendo masauzande pa sekondi imodzi. Kuphwa kwa kathovu kumamenya kahita ngati kanyundo, ndiye amayalapo nsalu ina ya tantalum yoti izilandira nkhonyazo, ndi ina yotchinga kuti inki isakhudze magetsi. Zonsezi zili m'kanthu kamene timakaponya m'ngalande za ku Lumumba Road inki ikatha.

Amalume ankakonda kufotokoza mmene nzeru imeneyi inayambira, ndipo nditakula ndinakaiwerenga ndekha. M'chaka cha 1977, ku kampani ya Canon ku Japan, chitsulo chowotcherera mawaya chinakhudza mwangozi singano ya sirinji imene munali inki, ndipo inki inathamanga kutuluka kunsonga. Ichiro Endo anaona zimenezo n'kuzitenga ngati nkhani yaikulu. Canon inadzatcha njirayi Bubble Jet. Kutsidya la nyanja, ku Hewlett-Packard ku America, John Vaught anafika pa nzeru yomweyo payekha cha mu 1979, akuganizira mmene ketulo yophikira khofi imakankhira madzi m'mwamba ndi nthunzi. Pulinta yawo ya ThinkJet inatuluka mu 1984, ndipo DeskJet inabwera mu 1988 pa mtengo wa pafupifupi madola 1,000. Nkhani ya Endo imandikhudza chifukwa zida ziwirizo, sirinji ndi chowotcherera, zili pano patebulo langa tsiku lililonse, moyandikana.

Pali mawu amodzi a m'mabuku a ntchitoyi amene ndinasangalala nawo nditawamvetsa. Zotsalira za inki zikapserera pa kahita n'kupanga chikhakha, amati kogation, kuchokera ku liwu la Chijapani lotanthauza kupserera. Ife tingoti nkhoko. Aliyense amene anaphikapo nsima akudziwa kuti mphika wa nkhoko zambiri sutenthetsa madzi bwino, ndiponso kuti mphika wopanda madzi ukakhalitsa pamoto umawonongeka. Katiriji ndi chimodzimodzi. Inki ndi imene imaziziritsa timahita. Mukaona zilembo zayamba kutuwa n'kumakakamizabe kuti "ingomaliza masamba khumi awa", timahita timapsa kamodzikamodzi, ndipo kahita kakapsa palibe mmisiri mu Lusaka muno amene angakadzutse. Makatiriji ambiri amene ndimalephera kuwadzaza anafa imfa imeneyi. Enanso amaphedwa ndi inki ya m'mabotolo opanda dzina, imene imasiya nkhoko msanga. Ine inki yotero sindiigula ngakhale itatchipa bwanji.

Si mapulinta onse amene amawiritsa inki. A Epson amagwiritsa ntchito kanthu kamene kamapindika kakalandira magetsi n'kufinya inki popanda moto, khalidwe limene abale awiri, Jacques ndi Pierre Curie, analitsimikizira m'miyala ina mu 1881. Hedi ya mtundu umenewu, ndiye kuti mbali yolavula inki, imakhala m'pulinta momwemo ndipo mdani wake ndi kukhala osagwira ntchito mpaka inki kuuma. Ndipo masiku ano akatswiri amathira inki ya siliva m'mahedi otere n'kusindikiza nayo tinjira tamagetsi pa pulasitiki.

Katiriji ya amayi aja sinali yopulumutsika. Tinjira todukato ndi toonda moti chowotcherera changa chikanangosungunula zonse. Ndinawauza zoona, ndipo anakhala chete kwa kanthawi atagwira kukamwa. Kenako ndinakumbukira kuti m'katoni yanga ya zotsala munali katiriji ya nambala yomweyo, imene mphunzitsi wina anaisiya atagula pulinta ya matanki. Ndinaitulutsa, ndinaiika chamunsi pa kansalu konyowa ndi madzi ofunda kwa mphindi khumi, mpaka inki yakale itayamba kusiya mzere wakuda pansaluyo. Ndinaidzaza pang'onopang'ono ndi sirinji, osafulumira, chifukwa ukathira mwamphamvu mpweya umatsekera m'kati.

"Amayi, pitani mukatenge pulintayo. Ndikukayika kuti vuto linali pa katiriji."

Anakwera minibasi, ndipo cha m'ma 3 koloko anabwera nayo atabereka kumsana ndi chitenje. Nditatsegula n'kuunika ndi tochi, timapini ta m'chonyamulira katiriji tinali titamatidwa ndi phala la fumbi ndi inki yodontha. Ndi pamenepo pamene magetsi ankakanirira kuyambira pachiyambi. Ndinazula pulagi, ndinapukuta kapini kalikonse ndi thonje la pa kamtengo, ndinadikira kuti paume, n'kulowetsa katiriji ija mpaka inalira kuti thwa. Nyali inasiya kuphethira.

Tsamba loyamba tinaliyang'ana tonse awiri likutuluka. Inali nkhope ya agogo aakazi atavala duku loyera la amayi a chigwirizano, ikubwera mzere ndi mzere, kuyambira pamphumi, maso, mpaka kumwetulira. Amayiwo anaitenga ndi manja awiri inki isanaume bwino. Mapulogalamu makumi atatu oyamba tinasindikizira pompano, kuti ndione ngati katirijiyo ipirira, otsalawo anakamalizira kwawo magetsi atabwera usiku.

Zimandiwawa kuti ana athu amaphunzira za mkuwa ngati katundu wongokweza pa mathiraki opita ku Chirundu ndi ku Nakonde, osaona chimene umasanduka ukafika kutaliko. Katiriji yakufa imodzi ndi galasi lokulitsa zingakwanire kuonetsa kalasi lonse.

Lolemba m'mawa mnyamata uja anabwera yekha, ali ndi manyazi, akuti amayi ake aang'ono amutuma adzapepese. Ndinamuuza kuti akhale pa mpando wanga. Ndinamuikira katiriji imene anapala ija pansi pa galasi n'kumusonyeza mmene angasunthire nyale. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anayamba kutsatira kanjira kamodzi ndi nsonga ya singano, kuchokera pa golide mpaka pamene kanadukira.

"Amalume, nanga timahitato tingationenso?"

Ndinamupatsa kapulayazi kakang'ono kuti amatule kunsi kwake.