Mnyamata wanga analibe malume: za ulendo wathu wa ku Mchinji

Tinanyamuka pa Kasungu boma Loweruka 6 koloko m'mawa, anthu 11 a kagulu kathu ka alembi. Tinayenera kukhala 14, koma kwa mmodzi kunagwa maliro, ndipo awiri ya minibasi inawavuta kusonkha. Anzathu a ku Mchinji anatiitanira nkhani imodzi yokha: kaumbidwe ka ampangankhani m'nthano yaitali yachikondi, kuti wowerenga aziwaona ngati anthu oti angakumane nawo kuchigayo. Aliyense anauzidwa kunyamula mutu umodzi wa zomwe akulemba.

Za msewu ndisachulutse. Tinatsata M1 mpaka pa Chinkhoma, n'kukhota kudzera ku Santhe ndi Kapiri. Tayala linaphulika tisanafike pa Kamwendo, jeke wa minibasiyo n'kupezeka wakufa, mpaka lole ina yonyamula mtedza inatichitira chifundo. Tinafika pa boma cha m'ma 11, titatuwa ndi fumbi la m'mbali mwa msewu. Eni ake anatilandirira m'kalasi ya sukulu ina ya pulaimale, thobwa lili kale mundowa.

Kuwerenga kutayamba, manyazi anayambanso. Pa mitu yomwe inawerengedwa, inayi inali ndi mtsikana dzina lake Chikondi. Onsewo ziphadzuwa, tsitsi lamzindo, khosi lamizeremizere, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatungako madzi kapena kupsa mtima. Wanganso anali m'gulu lomwelo. Nthano yanga ndi ya mnyamata wa ku Lilongwe, wagalimoto, amene akumana ndi mtsikana pa Mtunthama mvula ikugwa.

Nditamaliza, abambo ena achikulire a gulu la kumeneko, mphunzitsi wopuma amene waimirapo unkhoswe m'mabanja ambiri, anakoka mpando n'kuuika pakati.

"Aphunzitsi, takhalani apa. Lero inu ndinu mnyamata wanu uja, mwabwera kudzafunsira mbeta. Ine ndine atsibweni a mwanayo."

Ndinakhala ndikuseka. Kusekako sikunapite patali.

"Kwanu n'kuti, bambo? Lilongwe ndi tauni, ine ndikufunsa kumudzi. Mfumu yanu ndani? Mfunda wanu? Galimoto mwaimika panjayo munagula ndi ndalama za chiyani? Malume anu akudziwa kuti mwabwera kuno? Nanga mudzakhala pachikamwini, kapena mukuganiza zodzapempha chitengwa?"

Sindinayankhe ndi limodzi lomwe. Masamba 40 ndinali nditalemba za munthu ameneyu, ndikudziwa mtundu wa malaya ake ndi fungo la mafuta amene amadzola, koma osadziwa amene anamubereka. Abambo aja anayang'ana anthu n'kunena kuti, "Ameneyu ine sindingamupatse mwana wa mlongo wanga. Wachita kugwa kumwamba." Kalasi yonse inafa ndi phwete, ine thukuta lili kamukamu.

Mfundo yawo inali yakuti kuno kwathu anthu awiri sakondana okha. Kumbuyo kwa mnyamata kuli malume, kuli mlongo wake amene akudikira fizi, kuli mayi amene anamuonera kale mkazi kumudzi. Chikamwini chokhacho ndi nkhani yathunthu. Mwamuna wozolowera kulamula ku ofesi akafike kwa eni, azilima munda wa apongozi, akakumana nawo panjira azipatuka. Kodi chikondi chake chipirira? Pamenepo wowerenga satseka buku.

Mayi wina wa ku Mchinji komweko anatembenukira kwa mtsikana wanga. "Achimwene, mwanayu akufuna chiyani pamoyo wake kupatula mwamunayo? Mnyamatayo atapanda kubwera, Lolemba m'mawa akanadzuka n'kuchita chiyani?" Apa ndiye pananditsegula m'maso. Ine ndakulira pakati pa fodya. Ndikudziwa kuthirira nazale dzuwa la Okutobala lili phwee, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Ndikudziwa momwe utomoni wa fodya umadetsera manja, osachoka ngakhale utsuke ndi sopo kawiri. Koma mtsikana wanga wa pa Mtunthama ndinamupatsa zala zosalala ngati za mwana wa nduna. Mayi aja anati, "Mudetseni manjawo. Mnyamata akatambasula dzanja kuti apereke moni, iye abise ake m'chitenje. Osalembanso kuti anachita manyazi, taona kale." Wina anawonjezera kuti ngati bambo a mtsikanayo ndi tenanti wochokera kummwera, ndiye ndisamale chaka, chifukwa lamulo linathetsa utenanti mu 2021. Nkhani yochitika chakacho chisanafike ndi yochitika pambuyo pake sizingafanane.

Sikuti tonse tinagwirizana. Mtsikana wina wa gulu lathu anakana kwamtuwagalu. Anati anthu amawerenga zachikondi kuti aiwaleko ngongole ya feteleza, osati kukaipezanso m'buku. Anakangana ndi abambo aja mpaka apampando anachita kuleretsa. Ine ndikuona kuti mbali ina akunena zoona. Nthano yachikondi isasanduke lipoti la alangizi a zaulimi, ndipo wowerenga ali ndi ufulu woyembekeza kuti awiriwo adzapezana kumapeto. Koma ukwati wa pa tsamba lomaliza umakoma ukaona chimene anthuwo ataya kuti afikepo, ndipo munthu wopanda kalikonse sangataye kanthu.

Titadya nsima ya nkhuku ndi nkhwani wotendera, anatitumiza awiriawiri kumsika kwa ola limodzi, popanda cholembera m'manja. Anati tikangoona ndi kumvetsera. Ine ndinaima pafupi ndi mayi wina wachitsikana wogulitsa zitumbuwa. Kunabwera mnyamata wakabaza, anatsamiritsa njinga pamtengo, osapereka moni. Anaona kuti dzuwa lafika pa beseni, analinyamula n'kulisunthira pamthunzi. Mkaziyo, maso ali kwina, anangoti, "Mwadya koma?" Mnyamatayo anapereka ya chitumbuwa chimodzi. Iye anafufuza pansi pa beseni n'kutulutsa chachikulu, chotentha, kenaka n'kuikapo china chabanyira, nkhope ili gwa ngati sakuchita kanthu. Mawu akuti "ndimakukonda" sanamveke. Mu mutu uja wa nthano yanga alimo kasanu ndi kawiri.

Madzulo tinakamba za kayankhulidwe, ndipo apa anzathuwa atiposa. Mnyamata wina anawerenga za mpangankhani wake amene amaoloka pa Mwami kukapikula katundu ku Chipata, m'thumba muli makwacha a mayiko awiri. Akatsegula pakamwa ndi "nili bwino", "nifuna", ndipo sipafunikanso kutiuza kumene amayenda. Gogo wa m'nthano yomweyo akati apite pa boma amati akupita ku Fort Manning, dzina la Mchinji la nthawi ya atsamunda, ndipo msinkhu wake umadziwikira pomwepo. Ife a ku Kasungu agogo athu amati "ŵana", "ŵanthu", koma tikagwira cholembera aliyense amayankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi, kaya ndi tenanti kaya ndi namwino.

Chimene ndinachikonda koposa chinachokera kwa mayi aja a manja a fodya. Anati tiziyang'anira "inu" ndi "iwe". Mtsikana amutchule mnyamata kuti "inu" mitu khumi, ndiye tsiku lina, mwina ali pakati pokangana, "iwe" amupulumuke. Onse awiri akhale chete. Pampondachimera pa nthano pakhoza kukhala pomwepo, popanda kupsompsonana pansi pa mwezi.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, aliyense ndi kathumba ka mtedza kamene anatipatsa. Tinagwirizana kuti iwo adzabwera kwathu msika wa fodya ukatsegulidwa, tidzawatengere pa Chinkhoma akaone nkhope za alimi belo likabwezedwa. Abambo aja anandigwira dzanja pakhomo la minibasi n'kuti, "Aphunzitsi, tikadzabwera ndidzafuna kuonana ndi malume a mkamwini wanga."

Pa masamba 40 aja atsala 9. Galimoto ija tsopano ndi ya malumewo, mwini esiteti imene bambo a mtsikanayo akulimapo, ndipo mpaka pano akukana kutuma munthu kuchikazi.