Ulendo wa ku Yorkshire kukalawa mowa wa pampu: Sheffield, Leeds mpaka Keighley

Abale anga amene muli kuno ku UK ndipo mpaka lero mukumwabe lager yokhayokha ya mu furiji ija, ndikupempheni, weekend ina mukapuma ku shift kwerani sitima mulowere ku Yorkshire mukalawe real ale. Ndikunena mowa uja amachita kupopa ndi dzanja pa kauntala, umene ambirife timangoudutsa poti ati ndi wa madala komanso ndi wofunda. Siwofunda ayi, amausunga pa madigiri 11 mpaka 13, kuzizira koti lilime lisachite dzanzi, uzimva bwinobwino kukoma kwa chimera ndi kafungo ka hops, timaluwa timene timawawitsa mowa.

Nkhani yake ili apa: mowa umenewu umachoka kofulula usanamalize kupsa. Amauthira mu mgolo yisiti akadali wamoyo, saupopera gasi, nde umakamalizira kuwira mu chipinda cha pansi pa pub pomwepo. Ife okulira pa Chibuku izi sitingadabwe nazo, paketi ya lero ndi ya mkuja sizikoma mofanana chifukwa mowawo ukugwirabe ntchito mkatimo. Mgolo wamba umene amautcha firkin umalowa ma pint 72, ndipo akangoutsegula uyenera kutha m'masiku atatu kapena anayi, kupanda apo umayamba kusasa. Ndiye dzina la mowa palokha silikwanira, muziyang'ana kuti pub yake ndi iti, wosamala migolo pansipo amaidziwa ntchito kapena ayi, komanso ngati mowawo ukuyenda.

Ine ndinayambira ku Sheffield ndipo sufunika kutuluka n'komwe mu siteshoni. Pa platform 1B pali Sheffield Tap, kale chinali chipinda chodyeramo anthu okwera first class, chinakhala chongotsekedwa zaka zambiri mpaka anachikonza n'kutsegulanso mu 2009. Matailosi a m'makoma aja ndi akalekale, kauntala ya thabwa lakuda lonyezimira, umangomva sitima zikudutsa panja. Ndinamwapo half, kutanthauza theka la pint, ya mowa wotchedwa Jaipur wa Thornbridge, ofulula ake ali ku Bakewell chapafupi pomwepa. Ndi 5.9% nde musaiderere, imawawa bwino ndipo fungo lake ndi la zipatso zokhazokha.

Koma mtima wa nkhaniyi uli ku Kelham Island, dera la mafakitale akale a zitsulo m'mbali mwa mtsinje wa Don, mukhoza kuyenda wapansi kapena kukwera tram. Pa Alma Street pali Fat Cat. Malemu Dave Wickett anaitsegula mu 1981, nthawi imene ma pub ambiri anali m'manja mwa makampani akuluakulu ofulula mowa ndipo umangomwa zomwe kampaniyo yafuna, iwo anati ayi, pano tizigulitsa mowa wa ofulula ang'onoang'ono. Mu 1990 anayambitsa Kelham Island Brewery kuseri kwa pub yomweyo, ndipo mowa wawo Pale Rider unapambana mphoto ya mowa woposa wonse mu Britain, Champion Beer of Britain, mu 2004. Pa khoma lakunja analembapo pamene madzi osefukira anafika mu 1864 ndi mu 2007, imani kaye muone musanalowe. Mkatimo kauntala yake ndi kakang'ono zedi, moto wa malasha ukuyaka, kulibe TV, kulibe chinyimbo chophokosera, anthu akungocheza basi.

Ndinaima pa kauntalapo kuonerera mayi wogulitsa akupopa Pale Rider wanga. Kampopi kopindika kaja amakalowetsa mpaka pansi pa tambula, kunsonga kwake kuli kachitsekerero ka timabowo, nde akakoka chogwirira chija pang'onopang'ono mowa umatuluka woyera ngati wavunduka, tambula yonse mbuu. Anaiika pambali nati dikirani kaye. Ukuona ndi maso mtundu wa golide ukukwera kuchokera pansi, thovu likusonkhana pamwamba lokhuthala, kenako anawonjezera kamodzi n'kundipatsa. Ukamamwa thovu lija limasiya mizere m'tambula, kumwa kulikonse mzere wake. Kumwera kwa England ambiri sayika kachitsekerero kaja, mowa umabwera wopanda thovu lambiri, ndipo anthu akuno amakangana nazo kwambiri zimenezi. Ine ndili mbali ya kumpoto, mowa umafewa pakhosi.

Pangodya pomwepo, pa Russell Street, pali Kelham Island Tavern. Bungwe la CAMRA, lija linayamba mu 1971 pomenyera kuti mowa wa mtunduwu usathe, linaisankha kukhala pub yopambana dziko lonse mu 2008 ndi 2009, zaka ziwiri zotsatizana. Mapampu ndi ambirimbiri moti mutu umaima, koma musachite manyazi, nenani kuti mukufuna kulawa kaye, amakuthirirani pang'ono ulele. Ndinatenga mild, wakuda koma wopepuka, kenako porter, wakudanso koma wolemererako. Ngati mwapeza Moonshine ya Abbeydale, ya mu Sheffield momwemo, 4.3%, ndi yabwino kuyambira munthu amene wazolowera lager.

Pali chinthu china chimene ndikudziwa kuti chimatibweza m'mbuyo anthu akudafe, kulowa pub yoti muli azungu achikulire okhaokha, umayamba kuganiza kuti andiyang'ana bwanji. Sindinganene za malo onse, koma ku Kelham Island ine ndinalandiridwa bwino. Bambo ena achikulire, anagwirapo ntchito ku fakitale ya zitsulo, anandifunsa kwathu, nditati Malawi tinacheza za nyanja mpaka anandilembera pa kapepala ma pub ena oti ndikaone. Chongokumbukira n'choti palibe amene adzabwere pa tebulo kudzakufunsani, mumapita nokha pa kauntala n'kulipiriratu.

Ku Leeds sindinakhalitse. Pitani ku Whitelock's, ili mu kanjira kopanikiza kochokera mu Briggate, inayamba mu 1715 ndipo kauntala yake ndi ya kopa. Ndinamwapo Old Peculier ya Theakston, wakuda, wotsekemerera, 5.6%, wofunika tsiku lozizira. Loweruka masana kumadzaza kwambiri, pitani molawirira.

Kumene ndimafunitsitsa kunali ku Keighley, ulendo wosakwana ola limodzi pa sitima kuchokera ku Leeds, kwawo kwa Timothy Taylor amene akhala akufulula mowa kuyambira 1858. Landlord wawo, 4.3%, wapambana Champion Beer of Britain kanayi, ndipo mumampeza pafupifupi dziko lonse. Koma apa mpamene ndinatsimikiza zimene ndanena zija. Ndinamwapo Landlord pa pub ina ku London, anali wofooka, wopanda thovu, kakomedwe kolowera ku viniga, ndipo sunali mlandu wa ofulula ayi, mgolo unali utakhalitsa. Landlord ndi mowa wovuta kusamala, umafuna masiku ochulukirapo pansi paja kuti ukhazikike asanayambe kuugulitsa, wothamangira ndalama amauwononga. Ku Boltmakers Arms pa East Parade, kapub kakang'ono koti mukakhala anthu ochepa chabe kadzaza, ndinamwa Landlord yemweyo koma aaa, zinthu zina ndithu. Woyera mbee, poyamba kutsekemera kwa chimera, kenako kuwawa kosalala kumene kumatsala kukhosi n'kumakuitana kuti umwenso. Pa ulendo wonsewu pint imeneyo ndiye inaposa zonse. Boltmaker nayenso, mowa wina wa Timothy Taylor, dzina analitenga ku pub yomweyi, anapambana mphoto yomweyo mu 2014, mulaweko half. Ndipo mukapatsidwa mowa wosasa kulikonse, bwezani mwaulemu, pub yabwino imakusinthirani popanda mkangano.

Musachoke ku Keighley osakwera sitima ya malasha ya Keighley and Worth Valley, imanyamukira pa siteshoni yomweyo kudutsa ku Haworth mpaka Oxenhope, mtunda wa mamailosi 5, ndipo masiku ambiri mumakhala bogi yokhala ndi bala momwe amapopa real ale sitima ikuyenda, utsi ukudutsa pa windo. Onani kaye masiku amene ikuyenda chifukwa nyengo yozizira simayenda tsiku lililonse.

Muzimwa ma half kuti mulawe mitundu yambiri, mudye kaye pie kapena chips, galimoto isiyeni kunyumba. Kwatsala ku Masham, kwawo kwa ofulula mowa a Theakston ndi Black Sheep, kumeneko kulibe siteshoni ya sitima nde pafunika basi kapena m'bale wosamwa woti atiyendetse. Amene ali ndi mtima umenewo andiuze, mafuta ndi nkhomaliro ndilipira ine.