Masiku atatu pa boma la Mangochi

Kwa zaka zambiri Mangochi anali malo ongodutsa kwa ine. Ukachoka ku Blantyre kupita kunyanja, umafika pamphambano, galimoto n'kukhotera ku Monkey Bay, mtima uli kale pamchenga wa ku Nkopola kapena ku Cape Maclear. Mwina umatsitsa galasi kugula madzi ozizira, basi. Ndikadafunsidwa kuti tauniyo ikuoneka bwanji, ndikadangoti kumatentha ndipo kuli njinga zambiri.

Chimene chinandikhazika pansi ndi khanda. Mlongo wanga, yemwe amuna ake anawasamutsira ntchito kumeneko, anachira mu Okutobala, ine n'kukhala malume. Mayi sanafune kumva zoti ndatanganidwa. Anandimangira ufa woyera, nyemba za ku Ntcheu ndi chitenje chatsopano, n'kunena kuti ndikamuone mwanayo ndi maso, za pa WhatsApp ayi.

Ndinakwera minibasi ku Limbe, kudzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Za msewu sindinena zambiri. Chimene ndinaona n'chakuti ukangopitirira Ulongwe dziko limasintha nkhope: milambe ikuluikulu, migwalangwa italiitali, mizikiti yaing'ono yopaka laimu pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo kudzanja lamanja nyanja ya Malombe imangoti phuliphuli pakati pa mitengo. Mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera pambaula. Mayi amene ndinakhala nawo pampando anandiona ndikupukuta thukuta n'kuseka, amvekere, "Achimwene, apa simunafike."

Pa depoti ndinatenga kabaza. Mnyamatayo anandilonjera m'Chiyao, "Ali uli?" Ine kukamwa yasa. Anabwereza m'Chichewa, kenako anandiphunzitsa kuti ndiziyankha kuti "Ndili chenene." Mawu awiri amenewo anandigwirira ntchito masiku onse atatu. Ukawatchula pamsika, ngakhale molakwika, nkhope ya wogulitsa imamasuka, ndipo nthawi zina basera amakula.

Usiku woyamba sindinagone. Malata anali atamwa dzuwa tsiku lonse, udzudzu ukuimba kunja kwa neti, khanda nalo likuchita zake. Tulo titangoyamba kubwera, azana inamveka kuchokera kumzikiti, ina n'kuyankha chakutali, inanso kutsidya kwa mtsinje. Alamu anga, omwe ndi Akatolika a ku Dedza, anandiuza m'mawa kuti mwezi woyamba ankadzidzimuka, koma tsopano ikapanda kumveka ndiye amachedwa kuntchito. "Alamu, kuno wotchi yodzutsa sitigula."

Wotchi yeniyeni ya tauniyi ili pafupi ndi mlatho. Ndi nsanja ya njerwa imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, yomwe inali itamwalira zaka ziwiri m'mbuyo mwake. Si yaitali monga ndinkaganizira. Akabaza amaizungulira tsiku lonse osaiyang'ana n'komwe. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya mtundu wa Hotchkiss, yochokera m'sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Nkhani ya sitimayi ndinaiphunzira kusukulu koma ndinali nditaiwala. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, kaputeni wake Rhoades anawoloka nyanja kukafika kugombe la Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Amati kaputeni wa Chijeremaniyo anali mnzake wa Rhoades womwera naye limodzi, ndipo anali asanamve zoti kwabuka nkhondo, moti anabwera pakabwato atakwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Imodzi mwa nkhondo zapamadzi zoyambirira m'nkhondo yonse ija inachitikira panyanja yathuyi, ndipo inatha chotero.

Chimene chinandigwira mtima si mfutiyo ayi, koma chikwangwani chokumbukira sitima ya Vipya, imene inamira mu Julayi 1946 chakumpoto kwa nyanja, mphepo ya mwera itakula. Anthu 145 anathera m'madzi. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndikuganiza za okwera m'chipinda chapansi, anthu wamba okhala ndi mitolo yawo ngati wanga uja wa ufa ndi nyemba.

Ndili chiimire, bambo wina wachikulire wovala mkanjo woyera ndi kachipewa ka Chisilamu, yemwe anakhala pamthunzi akudikira kuti amumatire tayala la njinga, anandiitana ndi dzanja. Anafuna kudziwa ngati ndine wa nyuzipepala. Nditakana, anati ndiye khalani pansi. Ndinawatchula kuti agogo, iwo ankanditchula kuti mwanangu, ndipo mayina sitinafunsane.

Iwo ndi amene anandionetsa kuti zonse ndinkawerengazo ndi mbali imodzi chabe ya nkhani. Nsanja ndi ya mfumukazi ya Azungu, mfuti ndi ya Azungu, dzina lakale la tauniyi, Fort Johnston, linalinso la Mzungu, Harry Johnston, yemwe anamanga linga pano mu 1891. Koma Johnston sanasankhe malowa mwangozi. Pano pamene Shire amatuluka m'nyanja yaikulu kupita ku Malombe panali kale mudzi waukulu wa mfumu Mponda, ndipo aliyense wofuna kuwoloka mtsinje ndi minyanga ya njovu, nsalu, mfuti kapena anthu ogwidwa ukapolo popita kugombe la nyanja yamchere, ku Kilwa, ankadzera m'manja mwa Mponda. Linga loyamba linamangidwa kutsidya, moyang'anizana ndi mudzi wa mfumuyo, ndipo patapita zaka zingapo boma linasamukira tsidya lino pomwe pali tauni lero. Dzina la Mpondasi, lomwe akondakitala amafuula, ndi la mfumu yomweyo.

Agogowo sanabise za ukapolo. Anati zinachitikadi, ndipo mafumu awo analemera nazo. Koma sanafunenso kuti ndichoke ndi maganizo akuti Azungu anangofika n'kulanda dziko anthu akuwomba m'manja. Makanjira, wa kugombe lakum'mawa, anawavutitsa zaka. Mu 1891 momwemo anthu ake anapha Captain Cecil Maguire, mkulu wa asilikali achi Sikh amene Johnston anawatenga ku India, ndipo n'chifukwa chake kuli malo otchedwa Fort Maguire. Jalasi naye anakhala paphiri la Mangochi, chakufupi ndi Namwera, mpaka 1895 pamene anagonjetsedwa, Angerezi n'kumanga linga lawo paphiri pomwepo. Dzina limene tauniyi ili nalo lero linachokera kuphiri limenelo. Apa ndinadabwa ndekha: ndakhala ndikutchula Mangochi moyo wanga wonse osadziwa kuti ndi dzina la phiri lomwe sindinaliponde.

Ndinavutika nazo mumtima, kunena zoona. Ine ndine Mngoni wa ku Ntcheu, ndipo makolo anga nawo sanabwere m'dziko muno atanyamula maluwa. Munthu yemweyo angakhale wogulitsa anzake komanso wokana kulamulidwa ndi mlendo, ndipo pansanja paja palibe mwala wonena chilichonse mwa ziwirizi.

Atafika pa nkhani ya Chipembere, mawu a agogowo anatsika, ngakhale panalibe wotimvera kupatula mnyamata womata tayala uja. Henry Masauko Chipembere anali phungu wa Fort Johnston komanso nduna ya zamaphunziro, mwana wa wansembe wa Anglican, ndipo ku Malindi, kutsidya kwa mtsinje, ndiko kunali kwawo. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, iye anathawira m'mapiri a kuno. Mu Febuluwale 1965 anatsika usiku ndi anthu ake, analanda polisi ya pa boma pano, anatenga mfuti, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Anakatsekeredwa pa Liwonde, pomwe nthawi imeneyo panalibe mlatho koma pantoni, ndipo pantoniyo inali kutsidya. Chipembere anadzamwalira ku America mu 1975. Amene anatsala kuno ndiwo anaona zakuda: midzi kuotchedwa, anthu kutengedwa, boma lonse kuonedwa ngati la zigawenga kwa zaka zambiri. Agogowo sanapitirize. Anangoti, "Mwanangu, ife tinaphunzira kutseka pakamwa," n'kudzuka kukayesa tayala lawo ndi chala. Ine ku Blantyre ndimayenda mumsewu wa Masauko Chipembere tsiku lililonse, ndikudandaula za mzere wa magalimoto.

Kunyumba yosungiramo zinthu zakale, Lake Malawi Museum, ndinalowako masana. Ili m'nyumba imene kale inali kalabu ya Azungu. Ndi yaing'ono, ola limodzi limakwana: za sitima, za nsomba, zida za makolo. Pitaniko, komabe musayembekezere zambiri.

Malo amene ndinawakonda kuposa onse ndi pamlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Dzuwa likapendeka tauni yonse imadutsa pamenepo. Njinga zosenza makala, njinga zosenza mphasa ndi madengu a mlaza, amayi ovala mahijabu owala ngati maluwa, ana a madrasa, magalimoto a katundu olowera ku Chiponde kumalire ndi Mozambique. Pansi Shire akuyenda phee, wotambalala, mabwato akudutsa mwakachetechete, amayi akuchapa m'mphepete. Alamu anandichenjeza kuti ndisatengeke ndi kufatsa kwa madziwo, ng'ona zilimo ndipo sizisankha mlendo. Anandionetsanso zipupa za nyumba zina za m'mbali mwa madzi zokhala ndi mzere wa matope, chizindikiro cha mmene nyanja inakwerera mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'makomo mwa anthu.

Tsiku lachiwiri mlongo wanga anandituma ndiwo. Ndinanyamuka monyada, ndikuti kwawo kwa chambo ndafika, lero tidya mpaka kutaya minga. Mtengo umene ndinaumva unandibweza m'mbuyo. Sunasiyane kwenikweni ndi wa ku Limbe. Mayi wogulitsayo ataona nkhope yanga anati chambo chachikulu chimakhala ndi eni ake chisanatsike n'komwe m'bwato: a malo ogona alendo ndi a magalimoto a mafiriji ochokera m'mizinda. Chotsala ndi timwana. Pamabenchi panadzaza usipa, utaka, kambuzi wa ku Malombe, milamba yowamba yakuda bii, ndi kampango mmodzi yemwe anthu ankangomuzungulira.

Mnyamata wina yemwe amagwira ntchito ya ulovi, kukoka makoka a eni zida, anandifotokozera mmene zinthu zilili. Usipa amaupha usiku ndi nyali, pa chilimila, wina ali pakabwato kutsogolo kukopa nsomba ndi kuwala. Ku Malombe kuli nkacha, khoka la maso ang'onoang'ono lomwe limakokolola pansi, ndipo ena amafika posokerera neti ya udzudzu. Chambo chimaswana pamalo osaya, chimakumba timaenje pamchenga, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Khoka likadutsa pamenepo limatenga mayi, ana ndi nyumba yomwe. Iye akudziwa zonsezi kuposa ine. Akudziwanso kuti pali miyezi imene boma limatseka nyanja kuti nsomba ziswane. Ndinamufunsa ngati amaimvera. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, n'kunena kuti mimba ilibe mwezi wotseka. Sindinamuyankhe. Ndinagula utaka ndi tomato, ndipo mlongo wanga anandiseka mpaka khanda kudzuka.

Madzulo ake kunamveka ng'oma ndi wezulo chakumudzi. Alamu anati ndi beni, akukonzekera ukwati. Tinapita. Amuna atavala mayunifomu achikale okhala ndi mamendulo, ena a zitsekerero za mabotolo, akuguba mokokomeza, wotsogolera akutukula chifuwa ngati mkulu wa asilikali, amayi akuthira mang'ombe kumbali. Gule ameneyu anachokera ku perete wa asilikali a atsamunda. Anthu anaona Azungu akuguba, anatenga kugubako n'kukusandutsa choseketsa ndi chonyadira nthawi imodzi. Nditaona zimenezo ndinakumbukira mfuti ija ya pansanja, ili duu, dzimbiri likuidya, pamene perete wake akuvinidwabe pafumbi ndi zidzukulu za anthu a Mponda.

Tsiku lomaliza ndinafuna kukaona phiri lija. Ndinakwera matola kuwoloka mlatho, kukwera zitunda za Chowe, msewu wokhotakhota moti ukayang'ana m'mbuyo umaona nyanja zonse ziwiri ndi mtsinje wozilumikiza ngati chingwe. Ku Namwera kunali kamphepo kozizira, ngati kwathu. Kulinga la paphiri sindinafike. Anandiuza kuti ndi ulendo wapansi wofuna kulawirira ndi munthu wodziwa njira, ndipo ine ndinali nditavala nsapato za kutchalitchi. Ndinamwa tiyi wamkaka ndi chigumu m'tiyirumu, n'kubwerera.

Pochoka alamu anandichitira manyazi. Analawira kugombe kwa mnzawo n'kubwera ndi chambo zinayi zomanga pa mlaza, zoti ndikapatse mayi. Kondakitala anazipachika pagalasi lakunja la minibasi kuti zizipitidwa mphepo, pamodzi ndi za anthu ena atatu, ndipo ulendo wonse ndinkangosuzumira kuti wotsika pa Liwonde asatenge zanga. Mayi atazilandira anafunsa kaye za mwana, ngati akuyamwa bwino ndiponso wafanana ndi ndani. Kenako anatukula nsombazo m'mwamba, kuzitembenuza uku ndi uku.

"Chambo cha masiku ano ndi chimenechi? Bambo ako ankabwera nacho chimodzi, tonse m'nyumba n'kukhuta."