Lole yanga inkalira ikapondedwa ndi apongozi

Inu amene mukufalitsa zoti ndinaimika apongozi anga pa batire pa Lizulu msika wonse ukuonerera, inde zinachitika, koma pali zina mukuzisiya dala ndiye mumve kwa mwini wake.

Lole ija ya matani atatu inali itayamba kale makhalidwe. M'mawa kulira bwinobwino, ukangoima pothira mafuta basi, kupotoza kiyi kumangomveka kuti tha! magetsi a pa dashibodi nkuzirala. Ndinagula mabatire atsopano awiri, paja malole ambiri a dizilowa amayendera 24 volts, ma 12 awiri olumikiza, ndalama ya fizi ya mwana inathera pamenepo. Sabata isanathe, tha! Makaniko wina ku Biwi anamasula sitata nkusintha mabulashi, akuti ikakananso ndizigogoda sitatayo ndi sipanala ya matayala. Chowawa nchakuti ikafika pa galaja inkalira kamodzi nkamodzi, makaniko nkumandiyang'ana ine ngati wodwalayo ndine.

Tsikulo timachokera ku chinkhoswe ku Ntcheu, kumbuyo kutadzaza abale a mayi a kunyumba, ndiye anati tiime pa Lizulu tigule kachewere ndi kabichi. Pofuna kunyamuka, tha! Kukankha sikukanatheka, matumba anali atakwera kale komanso amuna onse anali m'majekete obwereka. Ndinalowa pansi ndi suti yanga kugogoda sitata, mlamu wanga ali pa kiyi, zii. Apongozi anali atatsalira kunenerera tomato, atafika anaponda pa bokosi la mabatire kuti akwere kumbuyo, nthawi yomweyo lole vuuu! Nthungululu mseu wonse wa M1.

Apa mpamene mumanama. Sindinazimitse chifukwa cha matama ayi, munthu wofufuza vuto amayenera kubwereza kuti atsimikize. Ndinazimitsa, kupotoza, tha! Azakhali ena kumbuyo nkukuwa kuti si sipanala yanuyo bambo, ndi amayiwa.

Tangoganizani mkamwini amene kumudzi akakumana ndi apongozi amapatuka m'njira, lero ndagwada pa fumbi, maso kumbali, manja ndikuwomba mwakachetechete, suti ili girizi yekhayekha. Ndinati amayi pepani, mukanatsikako pang'ono nkupondanso pompaja. Anandiyang'ana kwa nthawi yoti munthu nkuphika nsima nkudya. Kenako anati, bambo, munandiitanira chinkhoswe kapena ganyu? Koma anatsika. Anamanga chitenje bwinobwino, kupatsira mwana jumbo ya tomato, kuvula nsapato imodzi, phazi pa bokosi, dzanja pa bodi, nkhope kuyang'ana ku Mozambique. Vuuu! Ndinayesa kuimikapo mlamu wanga wowonda uja kuti ndiwapumitse, tha! Anabwereranso amayi, vuuu! Ogulitsa anasiya malonda, wa kabaza wina anavula chipewa, ndipo dalaivala wa minibasi anabwera mwaulemu kudzafunsa ngati amayiwa angakapondeko yakenso chifukwa yakhala ikuvuta kuyambira Lachiwiri. Pa Dedza ndinakana kuzimitsa injini, anthu anakataya madzi lole ikulira.

M'mawa mwake kamnyamata kena kokonza zamagetsi kanangotenga waya wa jampa, mbali imodzi pa negetivu ya batire ina pa injini, lole kulira. Kanatsegula bokosi lija nkugwedeza waya wa efi, uja wochokera pa negetivu ya batire, ndi zala ziwiri, theminolo ikungozungulira, mkati mwake mwadzaza zoyera zobiriwira zija. Akuti moto wochepa wa magetsi umadutsa ndithu, koma sitata imakoka ma amps mahandiredi, pamalo polobodoka sungadutse, ndiye chivindikiro chikapondedwa chimakanikiza theminoloyo nkugwira. Anapala ndi sandipepa, kumanga ndi sipanala, basi. Ndikumbutse kuti kunja kwake wayayo amaoneka wabwinobwino, ndiponso makaniko wa ku Biwi uja naye sanamuone, koma iye simukumuseka.

Mabatire akale aja ndinagulitsa motchipa kwa neba wanga, akuonerabe TV pa sola mpaka lero. Apongozi atumiza uthenga kudzera kwa mwana wawo kuti chimanga chawo cha chaka chino ndikatute ulere, ati lole ija amaidziwa ndi iwo. Sindinayankhe, dizilo wakwera.