Zikomo Amayi a ku laibulale, mzime wanga wakhoza Giredi 7

Abale ndi alongo, mundikhululukire kuti dzulo sindinayankhe mafoni anu. Manja amanjenjemera, mawu osatuluka. Zotsatira za mayeso a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zimbabwe, zatuluka, ndipo mzime wanga wakhoza Giredi 7. Mwana yemwe uja munamuona ali gone m'chipatala mu 2015, khosi litauma, ife tikupemphera kuti angotsala ndi moyo. Moyo Mulungu anatisiyira, makutu ndiwo anapita. Ambuye, ndinu wamkulu, ine ndilibe chokubwezerani.

Nkhani ya sukulu yoyamba ija mukuidziwa, sindiibwereza yonse. Anandiuza pakhomo pa ofesi, mwana ali chiimire pambali panga atavala yunifomu yatsopano, kuti alibe mphunzitsi wa ana otere. Anandilozera ku Emerald Hill, kumene kuli sukulu ya ana osamva. Sukuluyo ndi yabwino, koma munthu wogulitsa tomato ku Mabvuku, wodzuka 3 koloko m'mawa kukapikula ku Mbare Musika, ndalama ya makombi awiri kupita ndi awiri kubwera tsiku ndi tsiku ndikanaitenga kuti? Mwana anakhala pakhomo chaka chathunthu, akuyang'ana anzake pa geti.

Tsono ndiyankhule za Amayi a ku laibulale. Dzina lawo sinditchula chifukwa anandiletsa, koma a m'dera lathu mukuwadziwa, aja a magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi.

Sitinapite ku laibulale kukafuna maphunziro ayi. Tinkachokera ku mjigo, mvula inatipeza panjira, tinabisala pakhonde pawo ndi zigubu zathu. Iwo anatuluka n'kutiitana kuti tilowe. Anamulankhula mwana, mwana osayankha, ine n'kunena mwamanyazi kuti samva. Ndinazolowera kuti ndikanena choncho munthu amati "pepani" n'kutembenukira kwa ine, mwana n'kumusiya ngati mpando. Iwo anagwada pansi, pa simenti yozizira, natsegula buku la zithunzi za nyama, n'kuyamba kusanzira njovu ndi mkono. Mwana wanga anaseka mokweza. Ndinali nditaiwala kuti kuseka kwake kumamveka bwanji.

Amayiwa sankadziwa chinenero cha manja ngakhale pang'ono. Anachiphunzira chifukwa cha mwana mmodzi, wa munthu wosamudziwa. Anapeza buku la zizindikiro, usiku ankaonera nkhani pa ZBC maso ali pa womasulira wa pakona uja, kenaka anafunafuna mpaka anapeza mnyamata wina wosamva wa ku Tafara, wosoka nsapato, kuti azibwera Loweruka lililonse kudzaphunzitsa. Poyamba tinali atatu. Lero pabwalo paja pamakhala ana ambirimbiri, osamva ndi akumva pamodzi, wina wa njinga ya olumala, wina wachialubino amene amamusungira mabuku a zilembo zikuluzikulu ndi mpando wa kutali ndi dzuwa. Masitepe a pakhomo anawathira simenti kuti njinga izikwera, matumba awiri ogula ndi ndalama zosonkha.

Ine anandikakamiza kukhala nawo m'kalasimo. Ndinkakana, ndimati msika undithawa. Anandiyankha kuti, "Mayi, mwanayu akadzadwala usiku adzauza ndani pamene pakupweteka?" Ndinasowa chonena. Zaka zonsezo ine ndi mwana wanga tinkangolozerana: idya, gona, bwera, usatero. Tsiku limene anandifotokozera ndi manja maloto amene analota, nkhani yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndinakalirira kuseri kwa chimbudzi kuti asandione.

Ndi iwonso amene anandiwerengera malamulo a dziko lino a 2013, pamene analemba zinenero 16 zovomerezeka. Chichewa chathu chilipo, chinenero cha manja chiliponso, mndandanda umodzi. Ife amene agogo athu anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ku fakitale ya simenti, amene takula tikutchedwa mayina pa msewu chifukwa cha chilankhulo chathu, zimenezi zinandilowa mumtima. Pepala limenelo analijambula, analipinda, n'kupita nane kusukulu yachiwiri, imene ili ndi kalasi yapadera ya ana osamva. Mafomu a BEAM, thandizo la boma lolipirira sukulu ana ovutika, anandithandiza kulemba ndi iwo. Mu 2019 mwana analowa Giredi 1, wamkulu kuposa anzake onse, koma analowa.

Kenaka 2020. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi chifukwa cha mliri wa COVID-19, maphunziro anawaika pa wailesi. Wailesi, kwa mwana wosamva! Aliyense anavala chophimba pakamwa, ndiye ngakhale milomo imene ankayesa kuwerenga inabisika. Laibulale nayo inatsekedwa. Ndinaganiza kuti basi, zathera pomwepa. Koma Amayi aja ankamvera maphunziro a pa wailesiwo kunyumba kwawo, n'kumalemba pamanja m'kope, masamu ndi Chingerezi, ndi tizithunzi tojambula okha. Lachisanu lililonse kopelo ndinkalipeza pansi pa thebulo langa la tomato, m'pepala la pulasitiki, pamodzi ndi mabuku awiri. Sanaphonyepo ngakhale sabata imodzi. Makope amenewo ndawasunga onse m'sutikesi, pamodzi ndi ziphaso zobadwira.

Ndithokozenso aphunzitsi ake a kalasi yapadera, amene apirira naye zaka zisanu ndi ziwiri. Amayi a Chigwirizano ku CCAP, nsapato ndi ndalama ya mayeso zija sindinaiwale. Achimwene anga a ku Johannesburg, nyali ya sola ija ndi imene wawerengera usiku wonse magetsi akazima. Mnyamata wosoka nsapato, mphunzitsi wathu, Mulungu akudalitse ntchito ya manja ako. Anzanga a pamsika amene munkandigulitsira tomato Loweruka ine ndili m'kalasi, ndalama osasowa ngakhale senti, zikomo.

Koma kuli ena, a magazi amodzi ndi mwanayu, amene munati ndisataye ndalama pa mwana wolodzedwa. Munati ndimutumize kumudzi azikasunga mbuzi. Pa maliro a bambo ake munamupatsa nsima payekha kuseri kwa nyumba. Dzulo ndaona mwayamba kulemba kuti "mwana wathu". Sindikukanizani, ndi wanudi. Kungoti mukafuna kumuyamikira, foni sangaimve. Mubwere Loweruka, mukhale pa benchi, muphunzire kumupatsa moni ndi manja.

Za Fomu 1 zikundisowetsa tulo kale, sindibisa. Sekondale yokhala ndi mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja siili pafupi, ndipo Januwale sali kutali. Amayi aja ayamba kale kufunsafunsa, ine ndisanawapemphe n'komwe. Wodziwa malo andiuze ku inbox.

Dzulo titaona zotsatira, mwana sanadikire kuti ndivale nsapato. Anathamanga yekha mpaka ku laibulale. Ine pofika ndinawapeza atakumbatirana pakhomo, magalasi aja atagwera pansi. Ana osamva amapatsa munthu dzina la manja, ndipo la Amayiwa analipereka ndi iyeyo kalekale: mkono kutsogolo kwa mphuno, ngati chitamba cha njovu. Amayi Njovu, ine ndilibe ng'ombe yoti ndikupatseni. Loweruka ndikubweretserani nkhuku ndi dengu la tomato, ndipo chonde ulendo uno musakane.