Mfuti ya BSA ndinaipeza, koma fomu ya dokotala inandionetsa zakuda

Chiphaso chabwera, mfuti ili m'kabati, tsopano ndingathe kuyankhula mtima uli m'malo. Kuno ku England sungangolowa m'sitolo n'kutuluka ndi mfuti, ngakhale ya .22 yowombera pepala pa mayadi 25. Umayamba walowa kalabu yovomerezeka ndi boma, n'kutha miyezi yosachepera itatu ukuwombera ndi mfuti za kalabuyo, iwo akukuona khalidwe. Kumeneko zonse zinayenda bwino. Madala a kumeneko ndi amene anandikopa ndi BSA Martini International, chimfuti cha ku Birmingham cholemera makilo oposa 6, chodya chipolopolo chimodzichimodzi.

Pomwe panavuta ndi kwa dokotala. Kuyambira November 2021, apolisi sapereka chiphaso popanda fomu yomwe dokotala wasaina atawerenga mbiri yako ya matenda. Ntchito imeneyi NHS, bungwe la boma loyendetsa zachipatala kuno, siilipira, ndiye chipatala chilichonse chimatchula mtengo wake. Ine ndinangosiya fomu pawindo, osafunsa kanthu, ulemu wakwathu uja. Patatha milungu inayi ndinaimba foni. Akuti fomu yanji? Ndinakasiya ina. Milungu itatu, zii. Kenaka uthenga: bwerani Lachiwiri. Ndinapempha tchuthi kuntchito, kukwera mabasi awiri, kukhala pabenchi maola awiri, mayi wa pawindo n'kundiuza akumwetulira kuti dokotala sanaigwirebe chifukwa sindinalipire. Nanga kundiitanira chiyani? Foni yomwe ananditumizira uthenga ija sakanandiuzirapo mtengo? Tsiku lonse linapita, ndalama ya tsikulo inapita, ndipo fomuyo inatuluka patatha milungu ina iwiri, tsamba limodzi lokha, lokhala ndi timizere tochonga. Mukamasiya fomu imeneyi funsani mtengo pomwepo, lipirani, tengani risiti yokhala ndi deti. Ndinamva mochedwa kuti lamulo limalola dokotala wina wovomerezeka kudzaza fomuyi ngati wapatsidwa mbiri yako kuchokera kuchipatala chako. Ndikanadziwa!

Za apolisi zinali mapaundi 198, chiphaso cha zaka 5. Ndalama yambiri, koma iwo amanena poyera. Wapolisi anabwera kunyumba, tinacheza, anagwedeza kabati kuti aone ngati yamangidwadi kukhoma. Makiyi ake asadziwe wina aliyense pomwe ali, ngakhale mayi a kunyumba. Akwathu anakwiya nazo masiku awiri.

Ndaiwala za mboni. Pamafunika anthu awiri okudziwa zaka zosachepera ziwiri, osati achibale. Kwa ife obwera, amene timati aliyense ndi achimwene, pamenepa pamafuna kuganiza. Ine ndinatenga mkulu wa mpingo ndi bwana wanga wakale.

Mfutiyo ndinagula kwa mdala wina wa kalabu yathu amene maso ayamba kumukana. Anandilumbirira kuti ndi ya 1950, yoyambirira yeniyeni. Sindinatsutse, munthu wamkulu, koma pambali pake palembedwa Mk II, kutanthauza mtundu wachiwiri wa mfutiyi, ndipo Mk II inatuluka mu 1953. Pampope pali kachidindo ka korona ndi zilembo BNP, kosonyeza kuti inayesedwa ku Birmingham Proof House, malo oyesera kulimba kwa mfuti, potsata malamulo a 1954. Ndiye ndi yocheperapo zaka kuposa momwe mdalayo amakumbukira. Pafupi pake pali kachizindikiro kena kopingasa kokhala ndi chilembo cha chaka, kakang'ono moti ndinachita kujambula pafoni n'kukulitsa. Musagule musanasuzumire mumpope ndi tochi. Zakunja zonse zimakonzeka, koma mpope wodyeka mkati ndi ndalama yotaya. Onaninso kuti zoyang'anira polozetsa mfuti za kampani ya Parker-Hale zilipo zonse, chifukwa kugula pazokha zimatha kudula kuposa momwe mungaganizire. Tinagulitsana pamasom'pamaso, iye analemba pachiphaso changa, ndipo aliyense anadziwitsa apolisi masiku 7 asanathe.

Thabwa lake linali lomvetsa chisoni. Wina anadzapaka vanishi wokhuthala ngati wa pa benchi ya kutchalitchi. Ndinamasula matabwa onse awiri, la paphewa ndi la kutsogolo, kupaka mankhwala osungunula vanishi, kupala ndi khadi yakale ya kubanki. Malo ophwanyika ndinaika kansalu konyowa n'kudinda ndi simbi yotentha, nthunzi inatukula ambiri. Sandipepa ndinangodutsitsa pang'ono, kutsata mizere ya thabwa, osakhudza m'mphepete momwe thabwa limakumana ndi chitsulo, chifukwa ukapala pamenepo chitsulo chimatsala chitatuluka ndipo palibe chobwezera. Kenaka mafuta a linseed owiritsa, madontho ochepa, kutikita ndi chikhatho mpaka kutentha, kupukuta otsala, kudikira tsiku lathunthu. Tsiku lachitatu ndinapupuluma, ndinathira ambiri, thabwa linakhala lonata sabata yonse. Nsanza za mafutawa musaziunjike, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja kapena ziviikeni m'madzi.

Chitsulo sindinachipale. Timadontho ta dzimbiri ndinachotsa ndi steel wool (timawaya tachitsulo tokwechera) ya 0000, yofewetsetsa, yoviika m'mafuta, mopepuka, kutali ndi zidindo ndi nambala. Mukafufuta zimenezo mwawononga mfuti ndipo mwadziitanira mafunso ovuta. Zipsera ziwiri zakuya pomwe pamatsamira tsaya ndinazisiya, mwina ndi za mwini wake woyamba.

Lachinayi lapitali ndinagona nayo pamkeka wa kalabu koyamba, ndi zipolopolo za Eley. Zisanu zinalowa malo amodzi, chibowo chokwana kuphimba ndi chala chachikulu. Mdala uja anasuzumira pagalasi n'kunena kuti mfuti ndi yabwino, wowomberayo ndiye akufunika ntchito. Pakatha zaka 5 fomu ya dokotala ija idzafunikanso. Ndalemba kale kuseri kwa chitseko cha kabati: funsa mtengo, lipira, tenga risiti.